Mapiritsi a m'Firiji Yakufa

“Mawu aja munawalankhula pagulu, muwabwezanso pagulu,” ndinawauza a Tayi nditaima pakhomo la khitchini, mbale zonyowa zili m'manja. “Ngongole imeneyo sindiiwala, ndipo sindichotserapo.”

Iwo anangokonza mfundo ya pakhosi pawo n'kuyang'ana kudenga, ngati kuti mawu anga akuchokera m'malata.

A Tayi ndi akulu ake a mkamwini wanga. Dzinalo anawapatsa ndi mng'ono wawo yemweyo, chifukwa munthu ameneyu ngakhale kokagula buledi amapita atamanga tayi. Amagwira ntchito ya inshuwalansi, ndipo amalankhula ngati aliyense wabwera kudzapempha. Mkamwini wangayo anali wokonza mafiriji. Tinali titamuika m'manda sabata yomweyo. Lole inamugunda akuwoloka msewu, kompuresa ya firiji ili paphewa. Anasiyira mwana wanga nyumba ya zipinda ziwiri, shopu ya mafiriji, ndi mimba ya miyezi inayi imene akuchimuna sankaidziwa.

Mimbayo inadziwika dzulo lake. Azakhali a malemu, amene maso awo saphonya kanthu, anaona mmene mwana wanga ankadzukira pamkeka atagwira m'chiuno. Anakuwa pabalaza podzaza anthu kuti, “Mwana uyu ali ndi pakati!” Ine ndinkati anthu apukuta misozi, aone kuti malemu sanapite yense. M'malo mwake a Tayi anaimirira, kapu ya tiyi ili m'manja.

“Mimba imeneyo ikafune mwini wake kwina,” anatero. “Mng'ono wanga sankabereka. Anandiuza yekha, akulira, tsiku limene anakayezetsa. Nyumba ino ili pamalo a bambo athu. Mwezi ukamatha, mlamu akhale atalongedza.”

Asewere anga, mayi ake a malemu, anangodziphimba kumaso ndi nsalu. Mwana wanga anathawira kuchipinda.

Ndinamutsatira n'kutseka chitseko. Ine ndimagulitsa nsapato zakale pamsika, ndipo zozungulirazungulira sindizidziwa.

“Mimbayi ndi ya ndani?”

“Amayi! Inunso?”

“Yankha. Nsapato sindiitamanda ndisanaione kunsi.”

Anandiyang'ana ndi maso oti akanakhala moto ndikanapsa. Kenako anakhala pabedi, nayamba kufotokoza.

Mwamuna wake anali ndi matenda a m'matumbo kuyambira ali mnyamata. Zimenezo ndinkazidziwa. Matumbo ankatupa n'kuchita zilonda, ndipo akamugwira ankathamangira kuchimbudzi usana wonse, nthawi zina ndi magazi, mpaka lamba kusowa bowo lomangapo. Anamupatsa mapiritsi achikasu akuluakulu, ndipo anamuthandiza. Koma zaka zinkapita m'nyumba mulibe mwana. Atakayezetsa, anamuuza kuti mbewu yake ndi yochepa ndiponso yofooka. Nkhaniyo anangouza anthu awiri, mkazi wake ndi akulu ake.

“Chaka chatha kuchipatala kunabwera dokotala wina,” anatero mwana wanga. “Anatifunsa ngati tikufuna mwana. Palibe amene anatifunsapo zimenezo. Ndiye anati mapiritsi achikasu aja ndi amene akuchepetsa mbewu. Anamusinthira ena. Patapita miyezi ingapo anamuyezanso, n'kupeza kuti zili bwino. Amayi, mwamuna uja anavina pakhonde la chipatala, anamwino akumuseka.”

“Nanga bwanji simunanene?”

“Ankafuna kuyamba kuuza achimwene ake, yekha, mwa njira yake. Ankati anawaliritsa, ndiye awaseketsenso.”

Kunsi kwa nsapato ndinakuona. Kunalibe bowo.

Ndiye m'mawa umenewo, nditaima ndi mbale zanga, ndinawafotokozera a Tayi zonsezi, mwana wanga ali kumbuyo kwanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuseka pang'ono ndi mphuno.

“Nkhani yokoma, mayi, koma mwaiphika mochedwa. Mapiritsi achikasuwo amagula ndani? Ine. Mwezi uliwonse ndimadutsira kusitolo ya mankhwala, ndi kukamusiyira botolo kushopu. Mwezi wathawu ndinamupatsa m'manja mwake, iye n'kuthokoza. Munthu amene anasiya mankhwala amathokoza chiyani?”

Ndinatembenuka. Mwana wanga anali atagwira chitseko, kukamwa kuli yasa.

“Alamu, ine zimenezo sindikuzidziwa. Kunyumba kuno achikasu anasiya kalekale. Ankamwa enawa, ali pambali pa bedi.”

“Waona? Ngakhale zimene mwamuna wako ankameza sukuzidziwa.”

Nkhaniyo inandidzidzimutsa, sindinama. Koma pamsika wogula akaona kuti wanjenjemera, wadya kale phindu lako. Ndinaika mbale pansi n'kupukuta manja.

“Tiyeni kwa dokotalayo. Tonse atatu.”

“Ine ndili ndi ntchito.”

“Ntchito yothamangitsa amasiye munaipezera nthawi. Iyinso muipezera. Ndipo timvane mtengo tisananyamuke. Dokotala akanena kuti mkamwini wanga ankabereka, mupepesa.”

“Zikatero ndidzalankhula ndi mlamu wanga patokha.”

“Patokha pati? Munamunyoza patokha? Pabalaza pomwe paja, anthu omwe aja, mutaimirira ngati mmene munaimirira. Kapu ya tiyi yokha ndiyo ndakukhululukirani.”

“Nanga akanena zina?”

“Ndinyamula mwana wanga, osatengamo ngakhale supuni.”

Mwana wanga anandikoka diresi kumbuyo. Ndinamumenya dzanja. A Tayi anaganiza kuti apeza nyumba yaulere, ndipo anavomera.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Ine kudikira sindikutha. Ndinafunsa namwino katatu ngati adokotala akuchiza anthu kapena akuwaumba kumene. A Tayi anakhala kumapeto kwa benchi, akupukuta foni ndi mpango, ngati sakutidziwa.

Dokotalayo anali mayi wamfupi wa magalasi. Ataona mwana wanga anamwetulira, n'kuyang'ana kumbuyo kwake kufuna mwamuna. Ataona zovala zakuda anavula magalasi aja.

“Pepani kwambiri,” anatero. “Mukundilola kulankhula za amuna anu pamaso pa awa?”

“Lankhulani zonse, adokotala.”

Anayamba ndi dzina la mankhwala achikasu aja, salufasalazini, ndi mawu ena otalika ngati njanji. Ndinamudula.

“Adokotala, ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo. Nenani zoti ndikafika kunyumba ndithe kubwereza.”

Anaseka pang'ono. “Chabwino, mayi. Mapiritsi aja amaziziritsa zilonda za m'matumbo, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino. Koma mwa amuna ambiri amachepetsa mbewu, yotsalayo n'kumayenda mwaulesi. Sawononga mpaka kalekale ayi. Munthu akawasiya, pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mbewu imabwerera.”

“Ndiye kuti amatseka mpopi, sathyola?”

“Amatseka, sathyola. Komanso si mankhwala onse a matendawa amene amachita zimenezi. Ndi chifukwa chake sitinamuuze kuti angosiya. Munthu akasiya yekha, matenda amabuka, ndipo thupi lodwala nalonso limavutika kubereka. Tinamusinthira ena ogwira ntchito yomweyo m'matumbo, koma osakhudza mbewu. Titamuyezanso, zinali bwino ndithu. Anandigwira chanza kawiri. Kachitatu ndinachita kumukumbutsa kuti panja pali mzere.”

Mwana wanga anaseka misozi ikutsika. A Tayi anakhosomola.

“Nanga ngati ankamwabe achikasuwo kwina? Chifukwa ine ndinkamugulira mpaka mwezi watha.”

Dokotala anakwinya nkhope. “Akanakhala kuti ankamwabe, zikanaoneka poyeza. Koma zimene munthu amameza akatuluka m'chipinda chino ine sindiziona. Ndipo zoti mwana ndi wa ndani sindingalumbire, zimenezo zili ndi kayezedwe kake mwana akabadwa. Chimene ndikudziwa n'choti mng'ono wanu ankatha kubereka.”

Titangotuluka pakhomo, a Tayi anatembenuka, nkhope itawala.

“Mwamva nokha. Sangalumbire. Tidikire mwanayo abadwe. Pakadali pano mlamu akakhale kwanu, ndipo shopu titseke. Ndaitana kale wogula zitsulo kuti adzachotse zakufa zonse mawa.”

“Bambo,” ndinatero, “pamsika munthu wosintha mtengo titagwirana kale chanza timamuthamangitsa ndi nsapato yomweyo. Tinagwirizana kuti dokotala akati ankabereka, mupepesa. Wati chiyani?”

“Nanga mabotolo anga ankapita kuti? Ankawadyetsa mafiriji? Mundiyankhe kaye zimenezo.”

Ndinangoti, “Mawa ndikhalapo. M'shopu muja simutuluka ngakhale nati ndisanaione.”

Shopu ya mkamwini wanga inali chipinda chimodzi chotalika, chonunkha mafuta ndi dzimbiri. Mafiriji a anthu anali pamzere kukhoma, ena otsegula kumbuyo, mawaya ali lendelende. Patebulo panali masipanala osanjidwa kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, ndi ketulo yakuda ndi utsi. Ovololo yake inali ikadali pamsomali. Mwana wanga ataiona anatuluka panja, n'kubwereranso atapukuta maso.

Wogula zitsulo anabwera ndi ngolo yake, mwamuna wonenepa wa mawu aakulu. Anayamba kuloza ndi phazi.

“Ichi chakufa. Ichinso chakufa.”

“Chakufa ndi chala chanucho,” ndinamuuza. “Imeneyo ndi firiji ya mwini wake, yangotsala kuikidwa gasi. Lozani bwino.”

Pakona penipeni panali firiji yakale yobiriwira, yopanda kompuresa, yopanda chingwe cha magetsi, chitseko chake chomangidwa ndi waya. Imeneyo ngakhale ine sindikanaiteteza. Wogula zitsulo anaikumbatira kuti aipendeketse, ndipo mkati munamveka kugubuduka.

“Muli chiyani umu, miyala? Ine sindigula miyala pamtengo wa chitsulo.”

Ndinatenga pulayazi patebulo n'kudula waya uja. Chitseko chinatseguka chokha.

Munali mabotolo. Mashelefu onse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, osanjidwa bwinobwino ngati masipanala aja. Botolo lililonse lodzaza ndi mapiritsi achikasu, chomatira cha pachivundikiro chili chikhalire. Apansi anali atagwira fumbi. Lapamwamba kwambiri linali likadali m'kathumba kake ka pepala, kopindidwa kawiri kukamwa.

A Tayi anayandikira, natenga la m'kathumba lija. Analitembenuza, nayesa chivundikiro ndi chala. Anatenga lina, ndi linanso. Onse osatsegula.

“Mwafunsa kuti mabotolo anu ankapita kuti,” ndinatero. “Ndi awo. Ankadyetsadi firiji.”

Sanandimve.

“Bwanji sanandiuze? Mawu amodzi okha, achimwene lekani. Bwanji?”

Mwana wanga sankayang'ana mabotolo. Ankayang'ana pachitseko cha firijiyo, pamene anthu amaika mazira ndi mkaka. Panali kachitini ka masamba a tiyi, shuga m'botolo la jamu, makapu awiri, ndi paketi ya mabisiketi a kirimu pakati.

“Mabisiketi awa iye sankadya,” anatero. “Ankamupweteka m'mimba.”

“Ndi anga,” anatero a Tayi, mawu atatsika. “Ndikabwera ndi botolo ankaika ketulo. Ndinkakhala apa, pasilinda ya gasi, iye n'kumandiseka kuti ndidetsa tayi.”

“Ankakonda kunena kuti, ‘Achimwene sapita kwa munthu popanda chifukwa. Ukawalanda chifukwa, suwaonanso.’ Ine ndinkangoti ndi nthabwala zake,” anatero mwana wanga.

A Tayi anakhala pasilinda pomwepo, botolo lili m'manja, nagwetsa mutu. Mapewa anayamba kugwedezeka. Wogula zitsulo anavula chipewa, osadziwa kuti akulira ndani.

Chisoni ndinali nacho, mwala si ine. Koma chisoni sichilipira ngongole. Ndinadikira apume kaye, n'kuima patsogolo pawo.

“Ndiye bwanji?”

Anadzutsa nkhope. “Mayi, ndamva. Mlamu, pepani. Ndinalakwa.”

“Pano si pabalaza. Ndipo bambo a zitsulowa sanalipo tsiku lija.”

“Amayi, zakwana,” ananong'ona mwana wanga.

“Zakwana kwa iwe. Uyo ali m'mimbayo adzakula pakati pa anthu amene anamva kuti ndi wapatchire. Makutu amene anamva chitonzo ndi amene amve kupepesa.”

Wogula zitsulo anafunsa mwaulemu ngati firiji yobiriwirayo ikugulitsidwabe. Tinamuyankha atatu nthawi imodzi, ndipo anakoka ngolo yake yopanda kanthu. Mabotolo tinawalongedza m'katoni kuti abwerere kwa dokotala uja, aone yekha chochita nawo. Mwana wanga anakulunga makapu awiri aja m'nyuzipepala n'kuwaika m'chikwama.

Anthu ndinawaitana ndekha, khomo ndi khomo. Amene anati ali ndi zochita ndinawakumbutsa kuti tsiku la chitonzo zochitazo analibe. Masana a Lamlungu pabalaza panadzaza ngati poyamba: azakhali pampando wawo womwe uja, asewere anga pakona ndi nsalu yawo, asuweni, anansi, ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana amene nkhani ikamulowa m'khutu imatulukira pamsika. Ameneyo ndinamuika kutsogolo.

A Tayi anaimirira. Anayamba ndi mawu a ku ofesi, akuti panali kusamvetsetsana pang'ono pankhani ya zachipatala.

“Kumbuyoko sakumva,” ndinatero. “Ndipo kusamvetsetsana ndi ndani? Tsiku lija tinakumvetsani bwinobwino.”

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Kenako a Tayi anamasula mfundo ya pakhosi, koyamba chiwadziwireni, nayang'ana mwana wanga m'maso.

“Ndinanena pano kuti mng'ono wanga sankabereka. Zimene ndinkadziwa zinali zakale. Mankhwala amene ankamwa ndi amene ankamutsekereza, ndipo atamusinthira anachira. Dokotala watiuza, ndipo mabotolo ndawaona ndi maso angawa. Mimba iyi ndi ya mng'ono wanga. Mwanayu ndi wathu. Mlamu, ndinakuchititsani manyazi muli pachisoni. Ndikhululukireni. Nyumba ino ndi yanu, shopu ndi yanu.”

Anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo. Ine ndinawatenga ndi kuona ngati wa shopu alipo. Analipo.

Azakhali anawomba m'manja kamodzi. “Ine ndinaona kale kuti kanyamulidwe kameneka ndi ka kwathu!”

“Munaona liti, azakhali, poti tsiku lija munangoti duu?” anafunsa msuweni wina, ndipo pabalaza panaphulika kuseka, koyamba chichitikire maliro.

Asewere anga anachotsa nsalu kumaso. Anadzuka movutikira, nayenda mpaka pamene panakhala mwana wanga, nagwada. Anaika dzanja pamimba paja n'kulisiya pomwepo. Kenako anandiyang'ana.

“Asewere, pakamwa panu m'powawa.”

“Koma katundu wanga ndi wabwino,” ndinatero.

Anthu atayamba kuchepa, ndinaika ketulo pamoto. Mwana wanga anatulutsa makapu aja m'chikwama kuti awatsuke. Imodzi inali yothyoka chogwirira, ya mwamuna wake. Inayo inali yabwinobwino, ya maluwa. Atachotsa nyuzipepala anaima, nasuzumira mkati, ndipo anatulutsa mawu amene sindinadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka. Sanatsuke. Anapita nayo pabalaza choncho, n'kuipereka kwa a Tayi ndi manja awiri.

“Alamu, kapu yanu. Kanthu kali mkatimo tinakagula limodzi, koma sanandiuze kumene anakabisa. Ankati akupatsani yekha mwezi uno, pokuuzani za mwanayu.”

A Tayi analowetsa zala ziwiri m'kapumo. Anatulutsa kanthu kokulungidwa bwinobwino, nakatambasula pabondo. Kanali katayi kakang'ono kofiira, ka timadontho toyera, kotalika ngati chikhatho.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Anakasalaza ndi chala, m'mbali ndi m'mbali. Kenako, ndi zala zawo zikuluzikulu zija, anayamba kumanga mfundo pang'onopang'ono. Inakanika, anamasula, nayambiranso. Itakhala bwino, anakaika m'dzanja la mwana wanga n'kulipinda.

Ndinatenga kapu ija, ndinaitsuka ndekha, n'kuwathirira tiyi. Mabisiketi a kirimu ndinawaika pambali pake.